Musanagule mandala owerengera pamsewu, chitani izi

Ntchito yanga ndi yoyeza maso ndi kulembera anthu mandala kuno ku Harare. Opaleshoni sindichita, imeneyo ndi ya madokotala a maso, ndipo ndikaona vuto loposa mandala ndimatumiza munthu kwa iwo. Akuluakulu a ku Mufakose, Mbare ndi Mabvuku akangomva kuti ndimayankhula Chichewa amamasuka, ndipo dandaulo limakhala lomwelomwelo: "Mwananga, ulusi sukulowanso pasingano." Ena amati zilembo za m'Baibulo zachepa.

Zilembo sizinachepe ayi. Munthu akafika zaka za m'ma 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndiye kamalephera kuona zapafupi. Si matenda, si foni, ndipo palibe amene wakulodzani. Mandala a pamsewu amathandizadi pa vuto limeneli, ndipo ine sindili m'gulu la anzanga amene amati amaononga maso. Saononga. Koma mugule mwanzeru.

Pa mwendo wa mandala kapena pa kapepala komatidwa pagalasi pamakhala nambala. Wa zaka 40 mpaka 45 nthawi zambiri amakwanira ndi +1.00 kapena +1.25, wa zaka za m'ma 50 amafuna cha m'ma +2.00, ndipo wopitirira zaka 60 amafika +2.50. Popita kukagula tengani chinthu chimene mumawerenga tsiku ndi tsiku, kaya ndi foni kaya buku la nyimbo. Chigwireni pa mtunda wa masentimita 35 mpaka 40, chigongono chitapindika, ndipo musankhe nambala yotsika kwambiri imene ikukuonetsani bwino. Yamphamvu imakoma poyesa, koma pofika madzulo mutu umawawa. Kenako phimbani diso limodzi, muwerenge, musinthe linalo. Mandala a pamsewu amakhala ndi mphamvu yofanana mbali zonse ziwiri, pamene maso a anthu ambiri amasiyana. Diso limodzi likamaonabe chimbuuzi, bwezani mandalawo mukayezetse. Komanso musamayende nawo kapena kuyendetsa galimoto mutavala, ndi owerengera basi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Mandala aja akagwira ntchito, munthu amati maso ndathana nawo, osapitanso kukayezetsa, pamene msinkhu womwewu ndi umene glaucoma imayamba kuchuluka. Matendawa amaononga mtsempha wa diso, kawirikawiri chifukwa choti madzi a m'kati mwa diso akukankha mopitirira muyeso. Nthawi zambiri sapweteka. Amayamba kudya kuona kwa m'mbali, pakati mukuwerengabe bwinobwino, mpaka tsiku lina mumangodabwa kombi yakupitani pafupi osaiona. Anthu akuda amatigwira kwambiri ndiponso msanga, ndipo amayenda m'magazi: ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anachita khungu pang'onopang'ono maso akuoneka abwinobwino, inu musadikire.

Mukapita koyezetsa, musavomere kungowerenga zilembo za pakhoma. Pemphani akuyezeni presha ya diso, kutanthauza kukankha kwa madzi a m'kati aja, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21, ndiponso aunike mtsempha wa kumbuyo kwa diso, chifukwa ena amadwala presha ili yabwino. Akakupezani ndi glaucoma adzakupatsani mankhwala odontheza monga timolol, a tsiku lililonse, moyo wonse. Ngati muli ndi mphumu muwauze asanalembe. Kuona kumene kwapita sikubwerera, mankhwalawa amangoteteza kotsalako, ndiye botolo likatha musati ndachira. Podontheza, kokerani pansi chikope cham'munsi, dontho limodzi lokha, tsinzinani, kenako mudinikize ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Mabotolo akakhala awiri, pakati pake padutse mphindi zisanu.

Ng'ala ndiye nkhani yabwinoko. Imachititsa chifunga chimene mandala sachotsa, koma opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo munthu amaonanso. Yambirani ku kiliniki ya kwanuko akulembereni kalata yopita nayo ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha pa chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kuno ku Harare. Agogo musawasunge m'nyumba kudikira kuti asiyiretu kuona.

A matenda a shuga, kamodzi pachaka akuunikeni kumbuyo kwa diso ngakhale mukuona bwino. Amadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, ndipo kwa maola angapo mumaona mwa chimbuuzi, ndiye pitani ndi wokuperekezani. Shuga akakhala kuti akukwera ndi kutsika, musayambe mwagula mandala atsopano, chifukwa nambala imasintha naye limodzi.

Diso likafiira, mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga kapena masamba otikita zisalowemo. Nawonso mankhwala odontheza okhala ndi dexamethasone musagule popanda kulemberedwa: kufiira kumatha msanga, koma amatha kukweza presha ndi kukulitsa chilonda cha padiso. Simenti, asidi wa batire kapena mankhwala ochapira zikagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 musananyamuke kupita kuchipatala. Ndipo ngati kuona kwazima mwadzidzidzi, kapena mukuona ngati mphezi ndi mdima ukutsika mbali imodzi, pitani tsiku lomwelo, ngakhale likhale Lamlungu.