Kutsuka makina akale osokera popanda kufufuta maluwa ake agolide

Makina akuda a Singer kapena Butterfly, aja mumawaona pamakonde a atelala ku Chibavi ndi mumsika wa Mzuzu, safa msanga. Chimene chimatha msanga ndi maluwa agolide a pamsana pake, ndipo nthawi zambiri amawawononga ndi mwini wake tsiku limene waganiza zowachapa kuti awale.

Makina a Singer okhala ndi chilembo K, monga 15K, 99K ndi 201K, anapangidwa ku Clydebank ku Scotland, fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Pathupi pake pali zinthu zitatu zosanjikizana: utoto wakuda wowotchedwa pamoto, zomata zopyapyala kwambiri zimene ndi maluwa aja, kenako vanishi yotchedwa shelaki yophimba zonse. Utoto wakuda ndi wolimba, koma shelaki imasungunuka ndi sipiriti. Choncho sipiriti wapepo uja, sanitaiza, kachasu, thina ndi petulo zisayandikire n'komwe. Sopo waufa ndi madzi zimasandutsa shelaki yotuwa ngati chifunga, ndipo zikalowa pamene yang'ambika, golide amasanduka wotuwa ngati siliva. Akatero sabwereranso. Vim ndi sitiliwulo zimapala maluwa onse pa mphindi imodzi.

Chotsukira chake ndi mafuta a makina osokera omwewo, oyera ngati madzi aja. Konzaninso nsalu zofewa za thonje (malaya akale a T-shirt amachita bwino), thonje la m'makutu, kaburashi ka mano, parafini pang'ono ndi sikuludiraiva yokwana bwino m'mitu ya masikuluu.

Yambani ndi kuchotsa singano, phazi lopanikizira nsalu, bobini ndi chikho chake, kambale ka pansi pa singano, ndi chivundikiro chakumaso. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, makamaka timbale tomangitsa ulusi, chifukwa tikabwezedwa mosemphana msoko sudzakhalanso bwino. Fumbi lichotseni ndi burashi youma musanapake mafuta. Fumbi lofiira la m'chilimwe lili ndi mchenga, mukalitikita ndi nsalu limakanda.

Tsopano ntchito yeniyeni, ndipo imafuna kuleza mtima. Yesani kaye kumbuyo kwa mzati wa makinawo, pamalo osaonekera. Donthezani madontho atatu kapena anayi pansalu, pakani malo aakulu ngati chikhatho, musiye kwa mphindi 10 kapena 15 kuti litsiro lifewe, kenako pukutani ndi mbali youma. Pamalo akuda mukhoza kuzunguza dzanja. Pa maluwa ayi: gwiritsani ntchito thonje la m'makutu, muzilikunkhuniza pang'onopang'ono osakanikiza. Muziyang'ana nsalu nthawi zonse. Ikamatuluka yabulauni, ndi litsiro la mafuta akale ndi utsi, pitirizani. Mukaona timadontho tonyezimira, lekani pomwepo, mwafika pa golide. Makina amene anakhala zaka m'nyumba yophikira nkhuni amafuna kubwereza kangapo, masiku osiyana. Pamene shelaki yachita ming'alu ngati dothi la padambo louma, ingopakani mafuta ndi kupukuta mopepuka, musamakatule ndi chala.

Parafini ndi wa m'kati mokha. Ngati gudumu likukana kuzungulira, kawirikawiri ndi mafuta akale amene anauma n'kukhala ngati ulimbo, makamaka ngati wina ankathira mafuta ophikira kapena oyilo wa galimoto. Gonekani makinawo pansalu yokhuthala, donthezani parafini pamfundo iliyonse imene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake, musiye usiku wonse. M'mawa gwedezani gudumu uku ndi uku pang'onopang'ono. Osalikakamiza, osalimenya ndi hamala. Kuwaika padzuwa kwa theka la ola, ataphimbidwa ndi nsalu, kumathandiza kufewetsa. Parafini akadonthera pa maluwa pukutani msanga. Gudumu likamasuka, umitsani ndi nsalu, kenako dontho limodzi la mafuta a makina pabowo lililonse, popeza parafini amauma n'kusiya chitsulo chili gwa.

Pa Singer 66 ndi 99 pali kansalu kofiira pafupi ndi pokhala bobini. Anthu ambiri amakazula poyesa kuti ndi zinyalala, chonsecho ndi kamene kamasunga mafuta a chokowera ulusi. Kasiyeni, kadonthezereni mafuta. Timbale tomangitsa ulusi sitifuna mafuta, tikhale touma. Ngati makinawo ali ndi mota, musathiremo mafuta, ndipo mawaya ong'ambika asinthidwe ndi wodziwa zamagetsi musanalumikize.

Zitsulo zonyezimira zipukutidwe zitachotsedwa pamakina. Brasso kapena sitiliwulo yosalala kwambiri yonyowetsedwa ndi mafuta imachotsa dzimbiri, koma ichiteni ntchitoyi patebulo lina kuti tizidutswa tisagwere pautoto. Nambala ya makina, imene ili kutsogolo chakumanja, musaipale, ndi imene imasonyeza chaka chimene anapangidwa.

Ena akafuna kuti makina aoneke atsopano amawapaka vanishi ya matabwa kapena kuwapopera utoto wa m'chitini. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kuwononga, chifukwa poichotsa vanishiyo maluwa amachokera limodzi. Malo amene golide anatha chifukwa cha nsalu zodutsapo ndi mikono ya wosoka angosiyidwa momwemo.

Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya ndipo chinyezi chimakhalitsa m'nyumba, ndiye kasungidwe n'kofunika. Musawaike pansi pasimenti kapena kuwagundiza kukhoma lonyowa, ndipo musawakulunge m'pulasitiki, imene imatsekera chinyezi m'kati. Aphimbeni ndi chitenje cha thonje kapena bokosi lake. Musamange nsalu yobayapo mapini pamsana pake, mapiniwo amakanda maluwa. Ngakhale simukusoka, zunguzani gudumu kamodzi pa mwezi, ndipo mukathira mafuta sokani kaye pa kansanza mpaka ulusi utuluke woyera musanaike nsalu ya kasitomala.