Momwe mungaonetsere ana chifukwa chomwe madzi amachedwera kuuma kuposa sipiriti

Si sukulu iliyonse kuno ku Kasungu ili ndi labu, koma phunziro la hydrogen bonding (kugwirana kwa mamolekyu, tizigawo ting'onoting'ono ta chinthu, kudzera mwa haidrojeni) limatheka ngakhale pakhonde. Pezani sosala, madzi, sipiriti, ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene ali ndi acetone.

Yambani mwazimitsa mbaula ndi kandulo. Sipiriti ndi acetone sizichedwa kugwira moto.

Donthezani dontho limodzi la chilichonse pasosala, ofanana kukula, pamthunzi popanda mphepo. Mwana mmodzi agwire foni aziwerenga nthawi. Acetone imazimiririka ana akuyang'ana, sipiriti n'kutsatira. Dontho la madzi limangokhala phee, lotukuka ngati kamkanda.

Kenako dontho la sipiriti lipite kuseri kwa dzanja, la madzi kudzanja linalo. Sipiriti imazizira kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amasochera: amaganiza kuti ndiyo imadya kutentha kochuluka. Ayi ndithu. Imangofulumira kuuluka, n'kutenga msanga kutentha kwa pakhungu. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika kutentha kwa pafupifupi 2,260 kJ (makilojulu, muyeso wa mphamvu), ethanol ya m'sipiriti pafupifupi 850, acetone 520 basi.

Tsopano atulutseni panja. Gawo ili ndimalikonda chifukwa saliiwala. Gulu la "madzi" ligwirane manja awiri onse, ena awagwirenso malaya, pakuti molekyu ya madzi ili ndi ma haidrojeni awiri pa okosijeni ndipo imatha kugwirana ndi zinzake mpaka zinayi. A "sipiriti" agwire ndi dzanja limodzi, popeza ethanol ili ndi O-H (haidrojeni wolumikizika ku okosijeni) imodzi yokha. A "acetone" angogundana mapewa, alibe O-H. Uzani mwana wina ayese kusolola mmodzi pagulu lililonse. Thukuta limene atuluke pagulu la madzi ndilo yankho. N'chifukwa chake acetone imawira pa 56°C, ethanol pa 78°C, madzi pa 100°C, ngakhale kumtunda kuno amawira asanafike pamenepo.

Muwatsindikire kuti chomwe chimaduka ndi kugwirana kwa mamolekyu, osati molekyuyo. Nthunzi ndi madzi omwewo.

Mukatha, atungireni madzi a mumtsuko. Agwire kunja kwake komwe kumakhala chinyontho, ndipo afotokoze okha chifukwa chake madziwo ndi ozizira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.