Banja likutha, banki ikufuna nyumba: chitani izi nyumbayo isanatsatsidwe malonda m'nyuzipepala

Kalata ya ku banki inakhala mwezi wathunthu pamwamba pa firiji, yotsamiridwa ndi kambale ka makiyi, osatsegulidwa. Inali m'dzina la alamu anga, amene anali atasamukira kale ku Lilongwe, ndipo achemwali anga ankati sangang'ambe envulopu ya munthu amene sakuyankhulana naye. Nditawakakamiza anati, "Achimwene, ngongoleyo anatenga ndi eni akewo, ine ikundikhudza pati?" Inkawakhudza ndithu, chifukwa chikole chake chinali nyumba ya ku Chankhanga imene ankagonamo ndi ana atatu.

Ngati muli m'madzi omwewa kuno ku Kasungu, dziwani kuti milandu yanu ndi iwiri. Wa banja umayenda mwakachetechete, lero kwa ankhoswe, mawa kukhoti, mkuja auimitsa. Wa banki suima. Banki sinabwere pa chinkhoswe chanu, ndipo siidikira kuti woweruza anene amene analakwa.

Choyamba, tsegulani kalatayo muone deti

Si kalata iliyonse imene ili yogulitsira nyumba. Ina imangokukumbutsani kuti mwatsalira. Yoopsa ndi imene ikutchula ndalama zoti mulipire, nthawi imene mwapatsidwa, ndiponso kuti mukalephera agulitsa. Pa malo olembedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, banki ikhoza kutumiza chidziwitso chotere mukatha mwezi musanalipire, ndipo imayenera kudikira miyezi itatu kuchokera pamene yakupatsani chidziwitsocho isanagulitse. Lembani tsiku limene kalatayo inafika, sungani ndi envulopu yomwe. Miyezi itatu ndi yochepa. Achemwali anga anataya umodzi pa firiji paja.

Chachiwiri, dziwani kuti dzina la ndani lili pati

Pali mapepala awiri: la umwini wa malo, ndi la mgwirizano wa ngongole. Lenileni la malo limakhala ku banki, koma ku ofesi ya Lands ku Lilongwe mukhoza kupempha kuti akufufuzireni m'kaundula, muone mwini wake ndi ngongole zimene zinamangiriridwa pa malowo. Ena amakazindikira komweko kuti mnzawo anakawonjezera ngongole yachiwiri mwakabisira.

Ngati munasainira nonse, kawirikawiri mgwirizano umalola banki kufuna ndalama yonse kwa aliyense wa inu, osati theka. Ngati dzina lanu palibe, banki ikhoza kukana kukuonetsani sitetimenti mpaka mwini ngongole atalola polemba, kapena mutadzera kwa loya. Koma kusakhalapo kwa dzina sikutanthauza kuti mulibe gawo m'nyumbamo. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko lino imati banja likatha, mayi ayenera kugawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, ndipo lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limauza khoti kuwerengera zimene aliyense anathandiza, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Sonkhanitsani malisiti a simenti, a malata, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene munkalipirira amisiri, chilichonse.

Chachitatu, pitani ku banki ndi mapazi anu

Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa cha manyazi. Tauni yathu ndi yaing'ono, wapakauntala mwina mumapemphera naye. Pitani basi. Funsani woona za ngongole, ndipo mutenge kalata yanu yolemba, makope awiri, adinde imodzi mubwerere nayo. Lonjezo lapakamwa la bwana wa pa nthambi silingakuthandizeni tsiku limene fayilo yapita kwa maloya awo.

Pemphani zinthu zitatu: ndalama zimene mwatsalira, ngongole yonse imene yatsala, ndi zilango zimene awonjezera. Kenako nenani zimene mungathe, osati zimene mukulakalaka. Mukhoza kupempha kuti atalikitse zaka zobwezera kuti ya pamwezi itsike, kuti zotsalirazo azimwaze m'miyezi ikubwerayi, kapena kuti kwa miyezi ingapo muzilipira chiwongoladzanja chokha. Banki siikakamizidwa kuvomera, komabe kugulitsa nyumba ndi ntchito yowatayitsa nthawi nawonso, choncho munthu wobwera ndi kandalama m'manja amamumvera kusiyana ndi wobwera ndi misozi yokha. Ngati ndalama zanu zimadalira fodya, auzeni mwezi umene mukuyembekeza kugulitsa ku Chinkhoma, muwaonetse mapepala a zimene munagulitsa chaka chatha.

Muwerengere nokha kuti kudikira kukukudyerani zingati. Tiyerekeze kuti kwatsala K20 miliyoni ndipo chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pa chaka. Ndiye K6 miliyoni pa chaka, K500,000 pa mwezi, musanakhudze n'komwe ngongole yeniyeniyo. Ngongole zambiri chiwongoladzanja chake chimakwera ndi kutsika, n'chifukwa chake amene anatenga ngongole kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023 anaona ya pamwezi ikusintha iwo osasainira chatsopano.

Mukaona kuti masamu a banki sakumveka, dandaulani polemba ku banki komweko. Akapanda kukuthandizani, nkhaniyo ipite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a makasitomala.

Chachinayi, patulani nkhani ya nyumba pa nkhani ya banja

Ili ndiye gawo lowawa. Bambo amati sindingalipirire nyumba imene andithamangitsamo. Mayi amati sindingalipire ngongole ya munthu amene akudyera ndalama kwina. Aliyense akuganiza kuti akukhaulitsa mnzake, pamene njovu ziwiri zikamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzu wake pano ndi ana.

Itanani ankhoswe a mbali zonse, muwauziretu kuti lero sitikukamba za kubwererana kapena za amene anayamba. Tikukamba za ndani alipira zingati, tsiku liti, mpaka khoti ligamule. Ankhoswe athu amazolowera nkhani za m'nyumba, ndiye amafuna kuyambira pa chiyambi. Abwezeni mwaulemu. Kwathu malume ndi amene anadula nkhani: "Mkamwini, za ukwatizi tidzakamba. Lero tiuzeni, pa 28 muika zingati?" Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asaine, kope lina lipite ku banki. Ndalama musamapatsirane pamanja. Aliyense aziika yekha mu akaunti ya ngongoleyo n'kusunga silipi, chifukwa masilipi amenewa adzayankhula pogawa katundu.

Chachisanu, khoti ndi Lands

Uzani khoti limene likumva mlandu wa banja lanu kuti nyumbayo ili pa chikole ndipo banki yalemba kalata. Ngati mukuopa kuti mnzanu aigulitsa mobisa, pa malo a m'kaundula uja mukhoza kukalembetsa chenjezo limene a Lands amalitcha caution. Limatsekereza mnzanuyo, koma silifafaniza ngongole ya banki.

Anthu amakonda kunena kuti ingokatengani chiletso. Chiletso choimitsa banki chimatengedwa ku High Court, kutanthauza ulendo wa ku Lilongwe ndi ndalama za loya, ndipo makhoti sakonda kuimitsa banki pamene ngongole mukuivomereza komanso chidziwitso chinaperekedwa moyenera. Chimagwira ntchito pamene banki yadumpha ndondomeko. Ngati mulibe ya loya, yambirani ku Legal Aid Bureau, limene ndi bungwe la boma, ndipo amayi akhozanso kufunsa ku bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association.

Katapila ayi. Kutseka ngongole ya banki ndi ndalama ya katapila n'kuzimitsa moto ndi palafini.

Zikakanika, gulitsani nokha

Ngati mwawerengera ndipo ndalama sizikukwana ngakhale atatalikitsa zaka, musadikire okushoni. Pemphani banki polemba kuti ikupatseni nthawi yopeza wogula nokha, pezani katswiri wovomerezeka ayeze mtengo wa nyumbayo, ndipo wogulayo alipire kudzera ku banki. Pa okushoni ogula amabwera kudzafuna zotchipa, ndipo pa ndalamazo amayamba achotsa zolipira ogulitsa ndi maloya, kenako ngongole, inu n'kulandira zotsala. Zikapanda kukwana, banki ikhoza kukutsatanibe, dzina lanunso lili kale ku mabungwe osunga mbiri ya angongole. Ngati yagulitsidwa kale, funsani polemba mtengo umene inapita ndi m'mene ndalamazo zagawidwira, ndipo khoti lidziwe, kuti zotsalazo zisalowe m'thumba la munthu mmodzi.

Achemwali anga sanafike pogulitsa. Anasamukira ndi ana mu boyizikota ya zipinda ziwiri kuseri, nyumba yaikulu n'kuikamo alendi, banki itavomera polemba. Alendiwo amaika lendi molunjika mu akaunti ya ngongole, alamu amawonjezera yotsalayo pa 28, nthawi zina pa 3 mwezi winawo. Mlandu wa banja ukadali kukhoti. Masilipi onse ali mu chitini cha bisiketi pansi pa bedi.