Kukwera sitima ndi njinga yopalasa chotsamira

Vuto la njinga zimenezi, zomwe munthu amapalasa atatsamira pampando miyendo ili kutsogolo, ndi kutalika basi. Musanagule tikiti iyezeni kaye kuchokera kuteyala lakumbuyo mpaka kumapedulo, kenako mufunse a kampani ya sitimayo ngati amalola, paja malamulo amasiyana ndipo m'sitima zina njinga amachita kupachika pangowe pomwe yanuyi mapedulo anatsogola ndiye siipachikika bwino. Zamateyala atatu zija ndiye nthawi zambiri amakaniratu.

Akalola bukitsani malo, koma osasankha nthawi yoti anthu akupita kapena kuweruka kuntchito, mungokangana nawo pakhomo. Fikani msanga pasiteshoni, chotsani kambendera ndi zikwama, mpando ngati umachoka chotsaninso. Kwerani bogi ya chizindikiro cha njinga, buleki muimange ndi kachingwe kuti isamayende yokha sitima ikamaima.