Lekani kulemba alezi amene anachoka kale

Mafomu owerengera alezi amene akubwera kuchokera m'sukulu za mkombaphala za ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo mumzinda wa Mzuzu dzinja lino ndi odzaza bwino, mzere uliwonse dzina. Koma pitaniko m'mawa. Mupeza mayi mmodzi ali pamoto kutakasa phala, mnzake yekha akulimbana ndi chigulu cha ana a zaka 3 mpaka 5, uyu akulira, uyo wathawira m'matope. Alezi enawo ali kumunda, ena anakwatiwa kwina, ena akugulitsa tomato mumsika. Komiti ya sukulu ikuwalembabe.

Chifukwa chake n'chodziwika. Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndiye ikangomveka mbiri yoti kukubwera kangachepe, aliyense amafuna dzina la mbale wake lisafufutidwe. Ena ndi manyazi chabe, kuopa kuti sukulu yawo ioneka yolephera. Khalidwe limeneli latopetsa, abale anga.

Inu a komiti, mukudzipweteka nokha. A ofesi ya chisamaliro cha anthu amayang'ana mafomu omwewa posankha woti apite kumaphunziro a alezi a masabata awiri. Kalata ikatuluka ndi dzina la munthu amene anasamuka chaka chatha, malowo apita padera, kapena mutumizako munthu wongofuna alawansi, pomwe mayi amene amatsegula chitseko tsiku ndi tsiku atsala osadziwa ngakhale kukonza ngodya zamasewera. Choipitsitsa, mwauza boma ndi mabungwe kuti kwanuko alezi ndi okwanira. Adzakonzeranji ena? Mzuzu anali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018 ndipo akukulabe. Ndondomeko ya dziko ya mmera mpoyamba, yomwe inayamba mu 2003 n'kuunikidwanso mu 2017, singadziwe alezi ofunika zaka zikubwerazi ngati chiwerengero chalero chili chabodza. Ana a Sitandade 1 osadziwa kugwira pensulo amachokera pomwepa.

Mlimi wina wa chimanga ku Lusangazi anandiuza zomwe zinamuonekera chaka china cha njala. Olemba atafika, iye poopa kunyozeka pamaso pa apongozi ake anatchula matumba amene analibe. Thandizo litabwera dzina lake panalibe, n'kumakagwira ganyu kwa anzake amene ananena zoona. Ankaseka pofotokoza, koma akuti mkazi wake mpaka lero amamukumbutsa.

Tsono chitani izi msanga. Lembani okhawo amene abwera kuntchito mwezi uno, kaundula wa tsiku ndi tsiku akuchitireni umboni. Amene anasiya alembedwe patsamba lapadera, ndi mwezi umene anachoka komanso chifukwa chake, poti zimenezo n'zomwe ofufuza amazisowa kwambiri. Wosaphunzitsidwa mulembe kuti sanaphunzitsidwe, musamupatse satifiketi ya pakamwa. Onjezani chiwerengero cha ana, wapampando asayine, fomu ifike kwa mlangizi wa m'dera lanu mwezi usanathe.