Mwana amene mtedza umamuwenga sazolowera ndi kasupuni kamodzi

Chiyambire kukumba mtedza mu Epulo muno, nkhani imodzimodzi ndakumana nayo katatu m'midzi imene ndimayendera, ndipo kachitatuko tinatsala pang'ono kukumba manda. Mwana wamwa phala lothira nsinjiro, asanatsuke n'komwe m'kamwa milomo yatupa, thupi lonse zidzolo, akudzikanda mpaka kulira. Pakhomo aliyense waona, aliyense wavomereza kuti mtedza wamuwenga. Pakangopita masiku atatu zidzolo zija zitazimirira, wamkulu wina amagamula kuti: "Muzimupatsa pang'onopang'ono, azolowera." Basi nsinjiro zabwereranso m'phala, kasupuni kamodzi, nthawi zina mobisa mayi wake atapita kudimba.

Chaka chilichonse ndimayankhula za chuku, za kuumitsa mtedza, za kusanyowetsa makoko potongola. Chaka chino zimenezo ndazisiya kaye, chifukwa chizolowezi ichi chingathe kupha mwana msanga kuposa chuku.

Ziwengo za mtedza sizichokera m'mimba monga ambiri amaganizira. Zimachokera m'chitetezo cha m'thupi. Thupi la mwana wotere limaona zomanga thupi za mu mtedza ngati mdani, ndipo likangozilawa limatulutsa mankhwala ake olimbana nazo. Mankhwala amenewo ndi amene amatupitsa khungu, milomo, lilime, ndipo tsiku loipa amatupitsa ndi kukhosi komwe kumene mpweya umadutsa. Zimayamba mofulumira, kawirikawiri pa mphindi zochepa, osapitirira maola 2. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ulendo uliwonse umakhala ndi mphamvu yakeyake. Mwana amene sabata yatha anangotuluka zidzolo, lero angathe kubanika ndi nsinjiro zochepa kuposa zija. Palibe agogo, palibe mlangizi, ngakhale dokotala amene, angakuuzeni pasadakhale kuti lero zikhala zazing'ono. Ndiye amene akuti "pang'onopang'ono" akuyesa ndi muyeso uti?

Kukazinga sikuthandiza. Kuwiritsa sikuthandiza. Zomanga thupi zimene zimayambitsa vutoli sizifa ndi moto, choncho futali, nkhwani wotendera, chiponde, mtedza wauwisi kapena wowiritsa, kwa mwana ameneyo zonse n'chimodzimodzi.

Ndikuuzeni za bambo wina wa m'kalabu ya alimi imene ndimagwira nayo ntchito, munthu wolima mtedza kuyambira ndisanayambe ntchito. Mdzukulu wake wa zaka zitatu anabwera kuchokera kutauni ndi mayi ake, ndipo tsiku lachiwiri anatupa maso atadya mbatata ya futali. Mayi ake anati mwanayu asadyenso mtedza. Bamboyo zinamupweteka mtima. Anandipeza pamsonkhano n'kunena kuti, "Alangizi, nyumba iyi malata ake ndi mtedza, sukulu ya mayi ake ndinalipira ndi mtedza. Lero magazi anga omwe adane ndi mtedza? Ana a m'tauni amangowalera ngati mazira." Ndinamuuza zimene ndikulemba panozi. Anagwedeza mutu mwaulemu monga amachitira alimi akafuna kuti mlangizi amalize msanga. Kwawo anakaganiza kuti vuto linali chuku cha m'thumba lakale, ndiye anasankha mtedza watsopano, woyera bwino, akazi ake n'kusinja, n'kuthira m'phala la mwanayo Loweruka m'mawa mayi ake ali kumtsinje. Mwana anasanza, mawu anasasa, kupuma kunayamba kulira ngati mluzu. Agogo akewo anayamba ndi kumumwetsa theka la piritoni n'kudikira. Mwayi wake mnyamata wa njinga yamoto anali pafupi, ndipo kuchipatala anafika mwana atalefuka, milomo itayamba kuda. Anamubaya jakisoni wa adrenaline, mankhwala otsegula njira ya mpweya, anagonekedwa, anachira. Ndalama ya njinga yobwereketsa usiku ndi usana, chakudya cha odikirira, masiku amene mtedza unatsala pamunda mbava ndi chiswe zikudyerera, zonsezo bamboyo anandiwerengera yekha. Mwana wake wamkazi ananyamula mwana n'kubwerera kutauni, ndipo mpaka lero sanayankhulane bwinobwino. Titakumananso, funso lake loyamba linali lakuti, "Koma Alangizi, uja unali CG7. Nanga tikanayesa Chalimbana?"

Ayi ndithu. CG7, Chalimbana, wofiira, woyera, wa ku Mchinji kapena wa ku Kasungu, mtedza ndi mtedza.

Pa piritoni paja ndiimepo. Mankhwalawa amachepetsa kuyabwa ndi zidzolo, ndipo amachedwa kugwira ntchito. Kukhosi kukayamba kutseka sangakutsegule. Choipa china n'chakuti amagonetsa, ndiye anthu amaona mwana wafatsa n'kumati akupeza bwino pamene akulefuka. Nthawi imene imatayika podikira piritoni, kapena pomumwetsa mkaka, madzi a makala ndi zina zimene timamva, ndi nthawi imene mukanakhala muli panjira.

Ndisawalakwire agogo, mawu awo ali ndi pochokera. Ana ambiri m'midzi mwathu amayamba phala la nsinjiro akangokwanitsa miyezi 6, ndipo amakula bwino osatupa ngakhale tsiku limodzi. Mu 2015 madokotala a ku London anatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu zosonyeza kuti makanda amene anayamba kudya mtedza asanakwanitse chaka anali ochepa kwambiri amene unadzawawenga, poyerekeza ndi amene anawasalitsa. Choncho mwambo wathu wothira nsinjiro m'phala la khanda ndi wabwino, upitirire. Koma zimenezo n'zoteteza mwana amene sanayambe watupapo. Thupi likakana kale, nkhani yasintha. M'mayiko ena madokotala amayesadi kuzoloweretsa odwala ena, koma amayamba ndi kachidutswa kosaoneka n'komwe ndi maso, koyezedwa, m'chipatala, jakisoni ali pambali. Kukhitchini kwathu muyeso ndi chipande, ndipo chipatala chili kutali.

Enanso amati akakula zitha. Kwa mazira ndi mkaka wa ng'ombe n'zoona kuti ana ambiri zimawathera akamakula. Kwa mtedza ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu. Otsalawo amakalamba nazo. Ndipo ngati zatha, wonena zimenezo akhale wachipatala, osati kuyesera pa chinkhoswe.

Chimene chimabweretsa chisokonezo n'chakuti mawu akuti "chandiwenga" timawagwiritsa ntchito pa chilichonse. Bambo amene akamwa mkaka wauwisi m'mimba mumalira, kutupa ndi kutsegula, koma chambiko amamwa bwinobwino, ameneyo vuto lake ndi shuga wa mu mkaka amene thupi lake silimugaya mokwanira. Akuluakulu ambiri kuno kwathu ali choncho. N'zosautsa koma sizitseka kukhosi, ndipo iyeyo angathedi kumwa pang'ono mu tiyi osavutika. Nyemba zodzaza mpweya m'mimba nazonso si ziwengo. Anthu amatenga nzeru ya mkaka ndi nyembayi n'kukaiika pa mwana wotupa milomo, ndipo m'pamene pamalakwikira.

Pali kulakwitsa kwina kumene kumabwera pambuyo pa mantha. Mayi akaona mwana wabanika kamodzi, amachotsa chilichonse: mazira, usipa, nyemba, soya, mkaka. Mwana amatsala ndi phala la ufa woyera ndi shuga, ndipo pakatha miyezi iwiri kusikelo mzere wake watsika. Chotsani chokhacho chimene chinamutupitsa. Pa magulu 6 a zakudya aja mtedza uli m'gulu la zanyemba, ndipo m'gulumo muli nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba zimene ana ambiri odana ndi mtedza amadya popanda vuto. Zimene mwana ankadya kale osatupa apitirize kudya. Chatsopano muyambe chimodzi, masana, inu mulipo, ndipo ngati mwanayo anafika pobanika kafunseni kaye kuchipatala.

Potendera ndiwo gwiritsani ntchito nthanga za maungu zokazinga n'kusinja, zimakoma ndithu. M'phala thirani usipa wosinja, dzira, peyala kapena supuni ya mafuta a mpendadzuwa. Chitowe nacho chimawenga anthu ena, musachiyese tsiku limodzi ndi china chatsopano. Mtondo ndi munsi zimene mwasinjira mtedza zimasunga mafuta ake m'ming'alu, ndiye chakudya cha mwanayo musasinjiremo. Poto wake, mthiko wake ndi mbale yake zitsukidwe ndi sopo, ndipo ndiwo zake mupatule musanathire nsinjiro, osati kuvuula masamba mu mphika wotendera kale. Mafuta a mtedza ofinya pamudzi asadye, ndipo mandasi kapena zitumbuwa za pamsika funsani akazingira chiyani. Mabisiketi ndi zina za m'mapaketi werengani zimene zalembedwa kumbuyo.

Uzani aliyense amene amadyetsa mwanayo: agogo mbali zonse ziwiri, achemwali ake, oyandikana nawo nyumba, amayi ophika kusukulu ya mkombaphala. Pemphani kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa chiponde chimene amapereka kwa ana onyentchera chimapangidwa ndi mtedza ndi mkaka waufa. Wa zaumoyo akadziwa amaona chochita.

Mukaona lilime kapena kukhosi kwatupa, mawu asasa, kupuma kukuvuta, kusanza motsatizana kapena mwana walefuka atangodya, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musamuyendetse pansi, munyamuleni. Ngati akubanika akhale tsonga, ngati akusanza agone chammbali. Mukafika musayime pamzere, nenani chimene wadya ndi nthawi imene wadya. Akaoneka kuti wachira musathamangire kutuluka, chifukwa nthawi zina zimabwereranso patapita maola angapo.