Chilungulira ndi kudzimbidwa mimba ikakula

Amayi, mimba ikafika miyezi 7 kupita m'tsogolo, chilungulira chimavuta ambiri. Mahomoni a mimba amafewetsa kamnofu kotseka pakhomo pa chifu, komanso chiberekero chikakula chimakankhira chifucho m'mwamba. Asidi wogaya chakudya ndiye amabwerera kummero n'kumawotcha pamtima, makamaka usiku.

Poyambira ndi pa mbale ya nsima. Mitanda itatu yomwe munkatha nthawi imodzi igaweni, muzidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku. Mgonero ukhale wa dzuwa likangolowa, papite maola awiri kapena atatu musanagone. Pogona gonerani kumanzere, mutu ndi chifuwa zikhale pokwera. Bulangeti lopinda pansi pa matiresi kumutu likwanira. Chipisi cha pachiwaya, tsabola wa kambuzi ndi zakumwa za gasi ziyambe zadikira. Pochapa khalani pa kampando m'malo mowerama.

Pa kudzimbidwa ndiye ndikuchonderereni. Mapiritsi owonjezera magazi omwe mumalandira ku sikelo amalimbitsadi chimbudzi ndi kuchidetsa, koma musawasiye. Magazi amenewo mudzawafuna tsiku lobereka. Sinthani ufa woyera ndi mgaiwa, onjezerani nyemba, bonongwe, nkhwani ndi papaya wakupsa, madzi muzimwa pafupipafupi, ndipo muziyendako. Dothi lija la pamsika limene ena amalilakalaka limangowonjezera vutoli. Auzeni anamwino, chifukwa chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Soda wophikira therere musamasungunule m'madzi n'kumwa, ali ndi mchere wambiri. Brufen ndi aspirin wa pagolosale nazonso ayi, zimapweteka chifu ndipo zitha kuvulaza mwana. Mankhwala oziziritsa asidi oyenera amayi oyembekezera alipo, azamba akupatsani, koma muziwamwa motalikitsa ndi mapiritsi a magazi aja ndi maola awiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ululu wina wonamizira chilungulira. Mukamva kupweteka kwambiri pansi pa nthiti, makamaka kumanja, mutu ukuwawa osasiya, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, kungakhale kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba, komwe kumafika pokomola mayi. BP ya 140/90 kapena kuposa si yodikira tsiku la sikelo. Apongozi kapena bambo a kunyumba akuperekezeni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ku chipatala chapafupi, kaya ku Ndirande, Limbe, Bangwe kapena Zingwangwa ngati muli mu Blantyre. Kukafunika, iwo akutumizani ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera ku chipatala chachikulu cha Queens.